Malikisi a mock sauza mwana chimene ayenera kuwerenga

Chaka chilichonse, nyengo yozizira ikafika ku England, ana amene akuyembekezera mayeso a GCSE ndi A-level a m'miyezi ya Meyi ndi Juni amayamba alemba kaye mayeso oyeserera. Kuno kwathu mayesowa si achilendo, mwana aliyense wa Fomu 4 amawadziwa ndipo amangowatchula kuti mock. Pa maphunziro amene ana a ku England amayesedwa pali lina limene pa MSCE palibe, la Media Studies, lophunzitsa mwana kusanthula nyuzipepala, mapulogalamu a pawailesi ndi pakanema, mafilimu, zotsatsa malonda, masewera a pakompyuta ndi za paintaneti. Zotsatira zikatuluka mwana wa GCSE amabwera kunyumba ndi nambala imodzi, mwina 4 mwina 6, ndipo kholo, kaya ndi Mngelezi kaya ndi Mmalawi wokhala ku Leeds kapena ku Manchester, limasekerera kapena kuchita tsinya malinga ndi nambalayo. Kenaka pamabwera mawu amene makolo onse a pansi pano amafanana nawo: ulimbikire kuwerenga. Ine ndikuti mwa zonse zimene mayeso oyeserera amatulutsa, nambalayo ndiyo yochepa phindu, ndipo ndondomeko yowerengera yochokera pa nambala imangomutayitsa mwana miyezi imene watsala nayo. Chofunika ndi pepala lochongedwalo, ndi kufufuza kuti malikisi atayikira pati ndipo chawatayitsa n'chiyani. Ndatenga chitsanzo cha Media Studies chifukwa phunziroli limaika poyera vuto limene m'maphunziro ena limabisala.

Silabasi imene ikugwira ntchito pa GCSE inayamba kuphunzitsidwa mu 2017, ndipo mayeso ake oyamba analembedwa mu 2019. Malikisi 70 pa 100 alionse amachokera m'mayeso olemba, pamene 30 otsalawo amachokera pa chinthu chimene mwana wapanga yekha, monga masamba a magazini kapena kafilimu kakafupi. Mabungwe oyendetsa mayeso, AQA, OCR ndi Eduqas, onse amagawa phunziroli panayi: njira zimene zithunzi, mawu ndi mitundu zimaperekera tanthauzo, mmene anthu ndi zochitika zimaonetsedwera, makampani amene ndi eniake a zofalitsa nkhani pamodzi ndi malamulo owayang'anira, ndi anthu amene amawerenga, kumvera kapena kuonera. Bungwe lililonse limasankhiratu zinthu zingapo zoti ana aziphunzire mozama, koma m'mayeso mumabweranso china chimene mwana sanachionepo, ndipo malikisi ena ndi a kudziwa, ena ndi a kusanthula ndi kuweruza. Choncho giredi 4 imodzimodziyo ikhoza kutuluka mwa ana atatu osiyana kotheratu. Woyamba sakudziwa zinthu: sangatchule mwini wa nyuzipepala imene anaiphunzira, sakudziwa kuti wailesi ndi kanema ku Britain amaziyang'anira ndi a Ofcom, kapena kuti zaka za ololedwa kuonera filimu amaika ndi a BBFC. Wachiwiri akudziwa zonsezi, koma akapatsidwa chithunzi amangofotokoza zimene maso ake akuona. Wachitatu akudziwa ndiponso amatha kusanthula, koma anathera nthawi pa timafunso ta kumayambiriro, woyang'anira n'kulamula kuti zolembera pansi asanafike pa funso lalitali la malikisi ambiri. Kuwauza onse atatu kuti alimbikire kuwerenga kuli ngati dokotala kuuza wa malungo, wa chibayo ndi wa shuga kuti nonse mwadwala, kamweni mankhwala.

Mwana wachiwiriyu tikhalepo pang'ono, chifukwa ndiye amene uphungu wakuti limbikira umamupweteka kwambiri. Iye waloweza kuti Stuart Hall, katswiri wobadwira ku Jamaica amene anagwira ntchito pa yunivesite ya Birmingham, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti wokonza nkhani amaikamo tanthauzo limene akufuna, koma wowerenga akhoza kulivomereza, kulivomereza mbali ina chabe, kapena kulikana kotheratu. Waloweza ndithu, ungamudzutse pakati pa usiku akuuza osaphonya. Tsiku la mayeso wapatsidwa tsamba loyamba la nyuzipepala, iye n'kulemba kuti pali chithunzi cha nduna, mutu wa nkhani ndi wa zilembo zikuluzikulu, ndipo Stuart Hall anati owerenga amamva mosiyanasiyana. Zonsezi n'zoona, koma wochonga alibe pomupatsira malikisi ambiri. Chimene wochonga akufuna n'chakuti mwanayo anene chifukwa chake mkonzi anasankha chithunzi cha nduna itazolika pamene analinso ndi china ikumwetulira. Chifukwa chake mutu ukuti nduna yavomera pamene akanatha kungoti yanena. Ndani amene nkhaniyo ikumukhudza koma sanapatsidwe mpata wolankhula. Ndipo ndi wowerenga wotani amene angaitaye nyuzipepalayo atapsa mtima. Luso limeneli silibwera powerenga manotsi. Limabwera pamene munthu watenga tsamba limene sanalionepo, walemba kwa mphindi khumi, wina n'kumuonetsa pamene anasiyira kusanthula n'kuyamba kungofotokoza, iye n'kulembanso. Koma mwana wongouzidwa kuti alimbikire amabwerera ku chimene amachitha kale, poti n'chimene chimamukhazika mtima pansi. Adzalowezanso Hall, adzawonjezerapo akatswiri ena monga Roland Barthes ndi Vladimir Propp, adzachezera usiku, ndipo mu Juni adzapeza 4 yemwe uja, makolo n'kumafunsana kuti khama lonse lija lalowera kuti.

Zoti nambala imaphimba uphungu si maganizo anga ndekha. Mu 1988 Ruth Butler, wofufuza wa ku Israel, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ana a pulayimale. Anawapatsa ntchito yofanana, koma pobweza mapepala ena anangowalembera malikisi, ena ndemanga zokha zowalozera pokonza, ndipo ena zonse ziwiri. Amene analandira ndemanga zokha ndiwo anapita patsogolo pa ntchito yotsatira. Amene analandira malikisi okha sanatero, ndipo chodabwitsa n'chakuti amene analandira zonse ziwiri anangofanana ndi a malikisi okhawo, ngati kuti ndemangazo sizinalembedwe n'komwe. Patapita zaka khumi, mu 1998, Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti kuyesa ana kumakweza maphunziro ngati zotsatira zake zagwiritsidwa ntchito kusintha kaphunzitsidwe ndi kaphunziridwe. Wina akhoza kunena kuti ana a Butler anali aang'ono ndiponso ochepa, ndipo sindingamutsutse, kafukufuku mmodzi si lamulo. Komabe mphunzitsi aliyense akudziwa mmene tsiku lobweza mapepala limayendera. Diso la mwana limathamangira pakona ya pamwamba, kenaka pa pepala la mnzake, ndipo pepalalo limapindidwa n'kulowa m'chikwama, ndemanga zimene mphunzitsi anachezera nazo zisanawerengedwe.

Nambalayonso payokha si yodalirika monga momwe timaiganizira. England inaphunzira zimenezi mowawa mu 2020, mliri wa Covid-19 utalepheretsa mayeso. Bungwe loyang'anira mayeso la Ofqual linagwiritsa ntchito masamu a pakompyuta kusintha magiredi amene aphunzitsi anapereka, ndipo pafupifupi magiredi anayi pa khumi alionse a A-level anatsitsidwa. Zotsatira zili pafupi kutuluka pa 13 Ogasiti, nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Gavin Williamson, inalengeza kuti mwana wosakhutira akhoza kuchita apilo pogwiritsa ntchito zotsatira za mock. Aphunzitsi anafunsa nthawi yomweyo kuti mock yake iti. Sukulu ina imachonga mouma dala kuti ana adzidzimuke, ina imapereka pepala lakale limene mayankho ake ali kale paintaneti, ina imayesa theka la silabasi poti theka linalo silinaphunzitsidwe. Ofqual inatulutsa malamulo ofotokoza mock yovomerezeka n'kuwachotsanso patangopita maola ochepa, ndipo pa 17 Ogasiti boma linagonja n'kulola magiredi a aphunzitsi. Ngati boma ndi akatswiri ake onse linalephera kuisandutsa nambala ya mock muyeso wofanana kwa ana onse, kholo lisaiyese chigamulo. Pa Media Studies palinso ichi, kuti mock imayesa mapepala olemba, pamene gawo la malikisi 30 lija limakhala lidakali m'manja mwa mwana.

Tsono mwana akalandira pepala lake achite nalo chiyani? Awerenge malikisi amene wataya, n'kuwagawa m'milu itatu ija: otayika chifukwa chosadziwa, otayika chifukwa chosasanthula, otayika chifukwa cha nthawi. Mulu waukulu ndiwo utenge masiku ambiri pa ndandanda yake, ngakhale utakhala wa mutu umene amadana nawo. Ndandanda yogawa maola mofanana pa mitu yonse imakongola pakhoma, koma theka la nthawi yake limathera pa zimene mwana akuzidziwa kale. Yankho limene linamugwetsa kwambiri alilembenso sabata yomweyo, akadakumbukira chimene ankaganiza polemba. Wa vuto la nthawi aike wotchi patebulo. Pepala la AQA lili ndi malikisi 84 oti apezeke m'mphindi 90, kutanthauza kuti funso la malikisi awiri siliyenera ndime yathunthu, ngakhale mwana atadziwa zambiri chotani. Mabungwe a mayeso amaika paintaneti mapepala akale, ndondomeko zochongera ndi malipoti a ochonga ofotokoza pamene ana ambiri anapunthwa, ndipo mwana amene wawerenga lipoti limodzi lotere amadziwa zimene wochonga amafuna kuposa amene wakopera manotsi kawiri.

Ngakhale wa mulu woyamba, wosadziwa uja, mankhwala ake si kuwerenga mobwerezabwereza. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University, mumzinda wa St. Louis ku America, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina linapatsidwa mipata inayi yoiwerenga. Lina linapatsidwa mpata umodzi wokha, kenaka linayesedwa katatu kulemba zimene likukumbukira osaona pepala. Patapita mphindi zisanu owerenga mobwereza aja anapambana, anakumbukira 83 pa 100 pamene anzawo anakumbukira 71. Patapita sabata zinthu zinatembenuka: iwo anatsala ndi 40, odziyesa aja 61. Ndipo amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira anali owerenga mobwereza omwewo. Apa ndi pamene pali msampha. Tsamba limene waliona kasanu limaoneka lodziwika, ndipo mtima umakunamiza kuti walidziwa, pamene kutseka buku n'kudzifunsa kumakuchititsa manyazi chifukwa kumakuonetsa mipata. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo ziwiri zokha ndi zimene anazipeza zaphindu lalikulu: kudziyesa, ndi kugawa kuwerenga pa masiku otalikirana m'malo mounjika usiku umodzi. Kulemba mizere kunsi kwa mawu ndi kuwerenganso, njira zimene ana athu amazikonda kwambiri, anaziika pansi.

Pali amene angati ndikunyoza kuloweza, pamene munthu sangasanthule chinthu chimene sakuchidziwa. Iwowa akunena zoona, ndipo mbali imeneyi ndiwavomera popanda kukangana. Mwana wosadziwa kuti nyuzipepala ya The Sun ndi ya The Times zonse ndi za kampani imodzi ya banja la Murdoch sanganene chanzeru pa funso la umwini wa zofalitsa nkhani, ngakhale atakhala wochenjera chotani. Mayina, zaka ndi mawu a phunzirolo ayenera kukhala m'mutu. Chimene ndikukana ndi kuyesa kuti kuloweza kumachiza zonse. Pepala la mock ndilo limanena ngati vuto la mwana uyu ndi kusadziwa, ndipo kwa ana awiri mwa atatu aja yankho ndi ayi.

Chotsutsa china n'cholemera kuposa ichi. Nambala ili ndi ntchito yake. Ku England masukulu amaigwiritsa ntchito polosera magiredi amene mwana amafunsira nawo malo ku koleji ndi ku yunivesite, kholo liyenera kudziwa ngati mwana ali pangozi, ndipo alipo ana amene amadzuka pokhapokha ataona 3 pa pepala. Sindikunena kuti nambala ithetsedwe. Ndikuti ichedwe. Mphunzitsi abweze pepala lokhala ndi ndemanga, mwana agawe zolakwa zake n'kulembanso yankho limodzi, ndipo giredi ibwere patapita sabata, ntchito yeniyeni itachitika. Za mantha, inde amadzutsa ena, koma samuuza mwana kolowera. Wamantha wosadziwa chomwe chamulepheretsa amachita chimodzi mwa ziwiri: kuunjika maola pa njira yosathandiza, kapena kugwa mphwayi n'kunena kuti phunziroli si lake.

Kuno ku Malawi nkhaniyi si ya kutali. Ana a Fomu 4 amalemba mock asanakumane ndi MANEB, ina yokonzedwa ndi sukulu, ina ndi masukulu angapo ogwirizana, ina ndi chigawo chonse cha maphunziro. Magiredi athu amayenda chozondoka poyerekeza ndi a GCSE, kwathu 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, chinthu chimene chimasokoneza agogo a kuno akamva kuti mdzukulu wa ku Britain wapeza 9 n'kuyamba kudandaula. Koma chizolowezi n'chimodzimodzi. Mapointi amawerengedwa, mayina amandandalikidwa kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, makolo amene analipira ndalama ya mock amafunsa kuti mwana wakhala nambala chani, ndipo kubwereza kumakhala mphunzitsi kutchula mayankho olondola ana n'kumakopera. Mwana wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi, ndipo pa Chingelezi, pa mabuku a Chichewa, pa History ndi pa Biology, kusiyana kwa wosadziwa, wosamvetsa funso ndi woperewedwa nthawi kulipo chimodzimodzi. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa mapepala atabedwa n'kufalikira, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Mlandu wa kubako ndi wa akuluakulu amene anatulutsa mapepalawo, koma msika wa likasa umakula pamene ana akhulupirira kuti mayeso ndi kuloweza yankho lokonzedwa kale, ndipo mock yongotulutsa mapointi ndi kukopera mayankho imawaphunzitsa chikhulupiriro chomwecho.

Mphunzitsi wa pa CDSS adzandiyankha kuti ndikulota, ndipo ali ndi chifukwa. Munthu mmodzi wokhala ndi makalasi odzaza mpaka kukhomo, wophunzitsanso phunziro limene sanaliphunzire ku koleji, sangalembe ndime ya ndemanga pa pepala lililonse. Sayeneranso kutero. Pochonga akhale ndi pepala limodzi pambali, azilembapo zolakwa zimene zikubwerezedwa, ndipo akamamaliza adzapeza kuti ndi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zadya malikisi ambiri a kalasi yonse. Phunziro lotsatira likhale la zimenezo. Alembe pabolodi mayankho awiri opanda mayina, lina lofooka lina lamphamvu, ana anene okha kusiyana kwake, kenaka aliyense atsegule pepala lake n'kuona mulu umene ali. Izi zimatenga nthawi yochepa kuposa kulemba "onjezera khama" pa mapepala zana. Zipangizo zoyeserera kusanthula nazonso si zodula. Tsamba loyamba la The Nation ndi la The Daily Times la tsiku limodzi, kapena nkhani za madzulo pa MBC ndi pa Zodiak, zimakwanira kuphunzitsa mwana wa Fomu 4, ngakhalenso wophunzira utolankhani ku MUBAS kapena ku MIJ, kufunsa kuti nkhani iyi yaikidwa patsogolo chifukwa chiyani ndipo ndani sanafunsidwe. Chimene sichingatheke popanda akuluakulu a sukulu ndi a chigawo ndi kalendala. Mock yolembedwa mayeso enieni atatsala masabata atatu, mapepala n'kubwera ana atayamba kale za MANEB kapena osabwera n'komwe, ndi ndalama ya makolo yotayika. Ilembedwe patatsala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mwana aliyense alandire pepala lake m'manja pasanathe masabata awiri.

Pali mwana mmodzi amene sindinamutchule, wakhoza bwino uja. Iye palibe amamuitanira ku ofesi, kunyumba amamuphera nkhuku, ndipo pepala lake ndi limene silitsegulidwanso. Komatu mwina wakhoza chifukwa mafunso anagwera pa mitu itatu imene amaikonda, kapena chifukwa pepalalo analiona kale paintaneti. Pa Media Studies chinthu chosaonedwapo chija chidzakhala china mu Juni, ndipo pa MSCE funso lidzabwera litavala mawu ena. Nayenso akhale pansi awerenge malikisi amene anataya, ndipo awonjezere funso limene anzake olephera safunika kulifunsa: ndi mitu iti ya m'silabasi imene mock sinaikhudze n'komwe. Mitu imeneyo ndiyo ayambe kudziyesa nayo, buku lili chotseka.